Ndulu Yakuda ya Abambo

Lolemba
Pulani ya sabata ino: abambo adye, amete ndevu, Lamulungu apite kutchalitchi. Chimwalirireni amayi, abambo amangokhala pakhonde kuyang'ana geti. Munthu woti waphunzitsa Chingerezi moyo wake wonse, lero mawu ake ndi "iyayi" basi. Zikundiwawa.

Lachiwiri
Dokotala wa ku City Centre akuti thupi lili bwino, vuto ndi "melancholy". M'minibasi ndikufunsa dala kuti mawu amenewa anachokera kuti. Abambo khosi njo! Akuti ndi Chigiriki: melan, chakuda, khole, ndulu. Agiriki akale ankati munthu akamakhala ndwii, ndiye kuti ndulu yakuda yamuchulukira m'thupi. Afotokoza mpaka ku Area 15, kondakitala kukamwa yasa. Koma abambo angawa, mutu ulipo!

Lachitatu
Azakhali afika kuchokera kumudzi, nkhuku m'khwapa. Ndikuwafotokozera monyadira za ndulu yakuda. Nkhuku pansi phi! "Ndulu? Wawathirira ndani?" Ndinaiwala kuti kwathu ndulu yotchuka ndi ya ng'ona, yopherana ija. Pakamwa pangapa!

Lachinayi
Azakhali aletsa: tiyi wa kwa aneba, madzi a m'filiji, makamaka zitumbuwa za Mayi Phiri a kwaya. Akuti mayiwo amamwetulira kwambiri. Abambo sanadye.

Lachisanu
Azakhali abwerako kumsika wa ku Old Town ndi mizu yosanzitsa. "Achemwali, ku Girisi kulibe ng'ona!" akutero abambo. "Nanga nduluyo ankaigula kuti, achimwene?" Mawu a abambo akumveka mpaka kumsewu. Ndinawasowa mawu amenewa.

Loweruka
Mkangano tsiku lonse. Abambo ajambula chiwindi pabwalo ndi kamtengo, ndulu pambali pake, ngati ali m'kalasi. Ine kumvetsera osaphethira. Pofuna kutsimikiza kuti palibe wawathirira, adya zitumbuwa zonse za Mayi Phiri, azakhali akuona. Kenako ntchafu ya nkhuku. Azakhali akudikira kuti agwe. Sakugwa.

Lamulungu
Ndevu zikadalipo. Kutchalitchi abambo akana. Azakhali aimirira pakati pa mpingo kupempha mapemphero a ndulu, diso lili pa Mayi Phiri. Mayiwo sakundipatsanso moni. Pobwera ndikupeza abambo pakhonde pompaja. Ndikuwasimbira zonse. Aseka mpaka kutsokomola. "Amayi ako akanagwa pabenchi," akutero. N'koyamba kuwatchula chichitikireni maliro. Kenako akulira, inenso kulira. Pulani yafa. Lezala ndabweza m'kabati, ndevu zidikire.