Jipi Yanga Ikuvina Pamwala

Lolemba

Anakhazikitsa ndani lamulo lakuti galimoto ikamadumpha pachitunda, mankhwala ake n'kukweza anthu kumbuyo? Amalume, amene ndikukhala nawo kuno ku Amereka, m'tauni ya Germantown, amalinena ngati vesi. Anayendetsapo matola msewu wa ku Neno, ndiye akuti sayansi yonse anaimaliza. Anti, akazi awo, akuvomereza. Ngakhale Amayi Tembo a ku Chipata, oyandikana nafe, oti chiwongolero sanachigwirepo, akuvomereza. Wokana ndine ndekha, mwini digiri ya uinjiniya.

Nkhani ili apa. Miyezi isanu ndili pakhomo, digiri ili m'fulemu. Mwini galaja ina ku Gaithersburg, yokonza magalimoto okwera miyala, akuti Loweruka ndibwere ndi jipi yanga yakaleyi kumapiri kumene amayesera magalimoto. Ikakwera thanthwe tayala lakumbuyo osadumpha, ntchito ndi yanga.

Vuto ndikulidziwa. Ndikaponda mafuta, ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo, imapotoza masipuling'i, tayala n'kugwira, n'kutaya, n'kugwiranso. Du! Du! Du!

Pulani:
1. Kuphwetsa matayala pang'ono kuti azikumbatira mwala.
2. Mashoki atsopano.
3. Chitsulo choletsa ekiselo kupotoka.
4. Osakweza munthu. Mpando wakumbuyo ndauchotsa kale.

Zamatola zatha!

Lachiwiri

Germantown mulibe miyala. Dera lonse see ngati tebulo! Mwala ndi umodzi wokha, uja wokongoletsa polowera kunyumba zathu, pakati pa maluwa. Ukwanira.

Ndaphwetsa matayala onse anayi, ndayeza mpweya bwinobwino, ndalowa kukamwa tiyi. Potuluka ndikupeza amalume thukuta lili kamukamu, pampu ya njinga ili m'manja.

"Mphwanga, adani akuphwetsera onse anayi. Usadandaule, ndapopa."

Matayala ali gwa! Ndathokoza ndi manja awiri. Munthu wamkulu ungamuuze chiyani?

Lachitatu

Mashoki ndamanga. Matayala ndaphwetsanso, pampu ndabisa m'firiza.

Pamwala paja. Giya yamphamvu, pang'onopang'ono, mphuno yakwera. Tayala lakumbuyo kungokhudza mwala, gule wayamba. Chipewa chagwa, lilime ndaluma, hutala ikulira yokha.

Amayi Tembo ali pawindo: "Iwe mwana, motoka yako ivina bwino kuchila ba kwaya! Manje ikwela liti?"

Zotsatira:
Kudumpha kwachepa pang'ono, mwina.
Maluwa afa.
Amalume angodutsa manja kumbuyo, akuti, "Kumbuyoko kwapepuka." Sindinawafunse.

Lachinayi

Kalata yochokera ku komiti ya eni nyumba. Muli chithunzi: jipi ili m'malere, ine kukamwa yasa. Chithunzi chabwino ndithu, ekiselo ikuoneka mmene yapotokera. Ndachisunga.

Chitsulo chimene ndinaitanitsa akuti chifika sabata yamawa. Sabata yamawa! Dziko lino n'chifukwa chake silisintha msanga. Sindingadikire. M'chipinda cha alendo muli bedi lachitsulo, ndipo mlendo sitinalandire chiyambire Khirisimasi. Ndadula mbali imodzi, ndakawotcherera kwa mnzanga ku Bowie, ndamanga kunsi kwa jipi. Bedi ndaligwiriziza ndi mabuku anga a kuyunivesite. Agwira ntchito koyamba.

Lachisanu

Mwala auzinga ndi tepi yachikasu ngati pafa munthu. Kuyesa chitsulo sikutheka. Palibe kanthu, masamu sanama.

Tsoka lina. Anti alengeza kumapemphero kuti mwana wapeza intavyu. Ndiye akuti mwana wa munthu sapita ku intavyu yekha ngati alibe abale. Opita mawa:
Anti.
Amayi Tembo.
Mayi Phiri, otsogolera mapemphero, nesi wamkulu thupi ndi mawu omwe.
Amalume, "kukangoonerera."
Bokosi la nkhuku yokazinga ndi mandasi.

Ndafotokoza kuti si intavyu ya muofesi, ndi thanthwe. Mayi Phiri akuti thanthwe ndiye lofunika pemphero kwambiri. Amalume abwezeramo kale mpando wakumbuyo, akuimba mluzu.

Anti akhala pabedi la alendo kuti apinde zovala, bedi lagwa nawo. Sakundilankhula.

Loweruka

Maola atatu pamsewu, nyimbo zonse za m'buku taimba. Kumapiri kuli magalimoto a matayala otalika kufika m'chiuno mwanga, azibambo andevu, zipewa zolimba. Ife tikutsika ndi zitenje.

Ndatsitsa aliyense. Azimayi aima pambali, agwirana manja. Mwini galaja wapinda mikono.

Kuyesa koyamba: du du du.
Kwachiwiri: DU DU DU.
Kwachitatu: phwaa! Chitsulo cha bedi chathyoka, chagubuduka mpaka pamapazi pa anti. Achiyang'ana. Achizindikira.

Mwini galaja wayang'ana wotchi. Miyezi ina isanu ya m'fulemu ndikuiona ikubwera.

Kenako ndikumva mbama pachitseko, pha pha! Amalume, mawu awo a pasiteji ya matola awabwerera: "Azimayi, kwerani! Kumbuyo, kumbuyo! Mayi Phiri, pamwamba pa tayala lakumanzere! Bokosi m'miyendo! Sunthani, malo alipo! Dalaivala, usaponde ngati ukupha njoka. Nyerere, nyerere!"

Ndikufuna kukana, koma malamba amanga kale. Ndaponda ngati nyerere.

Yakwera. Phee, osadumpha ngakhale kamodzi, ngati mkwatibwi akulowa m'tchalitchi. Pamwamba Amayi Tembo aimba nthungululu, azibambo andevu aja akuwomba m'manja ndi kujambula. Mandasi atha.

Mwini galaja wagwira amalume chanza nthawi yaitali. Ine wandisisita paphewa.

Lamulungu

Uthenga wabwera m'mawa kuchokera kugalaja. Chitsulo changa akuti tisachitchulenso. Koma akuti makasitomala ake alibe azimayi atatu oyenda nawo, ndiye akufuna munthu woti asandutse zadzulo zija manambala: kulemera kungati, pamalo pati, masipuling'i ndi mashoki otani. Ndikabwera nazo Lolemba m'mawa, ndiyamba ntchito mwezi woyeserera.

Choncho zaka zinayi za kuyunivesite ntchito yake n'kumasulira amalume. Chabwino. Ndawafunsa chifukwa chake Mayi Phiri anawaika kumanzere. Akuti, "Unaona mbali imene thanthwe linapendekera?" Sindinaone. Ndalemba.

Chatsala n'kulemera kwa azimayi atatu aja. Ndafunsa anti, akuti funso limenelo ngakhale amalume sanayerekezepo, ndipo ndiyambe ndabweza bedi. Amayi Tembo akuti, "Mwana alibe ulemu uyu." Amalume akuti iwo amangoyeza ndi maso, digiri ndi yanga, ndione chochita.

Mapemphero ayamba leveni koloko, onse atatu akakhala mzere wakutsogolo. Ndavala jekete, ndagula mandasi opepesera, ndatenga sikelo ya kubafa, ndaikulunga m'chitenje cha anti, ndanyamuka kupita kutchalitchi.