Malemu Stafford ndi Mizere ya Fulakisi

Mu Wigston monse muno, kuno ku dziko la azungu, munthu amene ankagalauza mizere kuseri kwa nyumba ngati ali kwawo ku Ntcheu anali mmodzi yekha, malemu bambo Stafford Gwedeza. Khasu lawo linabwera pa ndege m'sutikesi, ndipo kuti likwanemo anatulutsa nsapato zatsopano za mkazi wawo, mayi Keturah. Nkhani ya nsapatoyo mayiwo sanaiiwale mpaka lero.

Chikhala ankadzala chimanga bwenzi titawamvetsa. Koma ayi, mizere yonseyo inali ya kaduwa kam'tchire kotchedwa fulakisi, ka buluu kosadyedwa n'komwe. Anakaona kwa Aboobaker, mmwenye wobadwira ku Limbe amene ali ndi golosale mu Leicester, ndipo mtima wawo unatsala pomwepo. Analumbira kuti sadzafa asanaone fulakisi akuchita maluwa pakhomo pawo.

"Achimwene, njerezi mungowaza pamwamba basi, n'kuziiwala," anatero Aboobaker powapatsa mbewu.

"Kuwaza? Ngati mawere? Inu Abu, zigulitsani sopo. Zolima tisiyireni eni ake."

Anakumba mapando, njere zitatu phando limodzi, n'kukwirira ndi chidendene mpaka dothi kulimba. Sipanamere kanthu. Iwo anati mlandu ndi wa nkhunda zakuno, zonenepa ngati nkhuku zija. Anakhoma mtengo pakati pa munda n'kuuveka jekete ndi duku za Keturah, moti gogo wachizungu woyandikana nawo ankaupatsa moni m'mawa uliwonse, kenako n'kudandaula kuti mayi Gwedeza ayamba matama.

Chaka chotsatira timbewu tija tinamera, toonda ngati udzu wa m'mbali mwa njira. Eee, bambo aja anachita ngati apata ng'ombe! Feteleza wokulitsa anathira, wobereketsa anathira, kupalira, kubandira, zonse. Akatsika basi yochokera ku ntchito yonyamula makatoni ku Corby, miyendo itatupa, sankalowa m'nyumba. Keturah, amene amasamalira okalamba ndipo ankangolakalaka katulo, ankamva khasu likulira kuseri kwa zenera, khu! khu! khu!

"Abambo ake Chiletso, thupi si chitsulo. Mwangochoka pa shifiti, tapumani."

"Ndidzapuma akachita maluwa."

"Nanga m'mundamo tidzadyamo chiyani?"

"Mudzadya ndi maso, mayi."

Maso ake ati? Nyengo yotentha inatha, timitengo tili biriwiri, duwa ng'o. Tsono mlimi weniweni nyengo ikatha amasosa. Bambo Stafford anazula zonse, n'kuunjika pakona, n'kuyatsa. Utsi unatulutsa msewu wonse m'nyumba, iwo ali chilili ndi khasu paphewa, kudabwa kuti azungu sanaonepo munthu akukonza munda.

Mwana wawo Chiletso anafufuza pa foni n'kuwafotokozera m'Chingerezi kuti fulakisi ameneyu amakhala zaka. Chaka choyamba nthawi zambiri amangomanga mizu, maluwa amadza chaka chinacho, ndipo feteleza wambiri safuna.

"Foni yakoyo inagwirapo khasu?" anafunsa bambowo. "Munda wosasosa ndi wa mlesi. Akabwera a kutchalitchi n'kupeza thengo, adzati kwa Gwedeza kulibe mwamuna."

Ndiye zinkangotero chaka ndi chaka: kudzala, kupalira, kudikira, kusosa. Aboobaker ankapereka mbewu akupukusa mutu. Keturah analeka n'kulankhula komwe, chifukwa nako kulangiza munthu wosamva kumatopetsa kuposa shifiti.

Chaka chatha masamba akuyoyoka m'mitengo, bambo Stafford anagonekedwa m'chipatala munda usanasosedwe. Keturah ankachoka ku ntchito, kukwera basi kupita kuchipatala, kukweranso ina kubwerera, tulo akugonera pampando.

"Mwasosa?" linali funso loyamba akangolowa mu wodi, moni pambuyo.

"Ndasosa."

"Mizere mwaunga bwino? Inu mumakhotetsa."

"Yawongoka ngati msewu."

Linali bodza. Kuseri kwa nyumba sanapondeko n'komwe, mphamvu zake akanazitenga kuti? Bambowo anatisiya m'nyengo yozizira, thupi linapita kukagona ku Ntcheu, ndipo munda unatsala momwemo, chisanu chikuugwera.

M'mawa wina mu Juni, Keturah atabwera ku ntchito anatsegula chitseko chakuseri kuti ayanike yunifolomu. Anangoti kakasi. Mizere yonse inali buluu yekhayekha, timaluwa tikugwedezeka ndi kamphepo kuyambira pakhomo mpaka kumpanda. Chimene chinayamba kubwera si misozi ayi, unali mkwiyo. Zaka zonse zija munthu kudzipha ndi ntchito, pamene duwalo linkangofuna kusiyidwa!

Msewu wathu tsopano uli zii. Palibe utsi, palibe wotsutsana naye, ndipo Aboobaker akuti Chichewa chake chayamba kuchita dzimbiri chifukwa wokangana naye kulibe. Anthu timagona mokwanira, koma tulo take sitikoma monga tinkayembekezera.

Maluwa aja amayoyoka dzuwa likapendeka, m'mawa kutuluka ena. Keturah akabwera ku ntchito amakhala pansi pakati pa mizere, nsapato osavula, n'kumawayang'ana mpaka maso kulemera. Tsiku lina Chiletso anawamva akulankhula okha, motsitsa mawu.

"Chaka chimodzi chokha, abambo ake Chiletso. Mukanangopuma chaka chimodzi chokha, mukanawaona."