Kavepu ka Thoko Kankapuma Kokha

Ndinapambana mlandu umene sindinayenera kuuyamba n'komwe, ndipo mpaka lero ndikamakumbukira ndimangodzigwira pachipumi.

Mkazi wanga Thoko anamwalira kumayambiriro kwa nyengo yozizira. Anali namwino pa chipatala chachikulu chapafupi ndi ku Govan, komwe tinkachita lendi kuno kudziko la azungu. Za matenda ake sindinena. Chimene ndinena n'chakuti Thoko ankasuta vepu, fodya wamagetsi uja wotulutsa nthunzi, ndipo wake anali wa fungo la mango. Kutchalitchi palibe ankadziwa (ankaimba kwaya, mzere wakutsogolo). Kavepu katsopano anakagula atatsala pang'ono kugonekedwa m'chipatala, n'kukasiya m'thumba la jasi lake kuseri kwa chitseko. Jasilo sindinalichotse. Kwathu katundu wa malemu sasunthidwa eni mbumba asanabwere, ndipo eni mbumba anali adakali ku Dedza.

Tsiku lina masana, mdima wa kuno utayamba kale kugwa ana asanaweruke kusukulu, ndili kukhitchini ndinamva kupuma. Psssss. Ndendende mmene Thoko ankakokera akangofika kuchokera kuntchito, asanavule ndi nsapato zomwe. Nditasuzumira ndinaona nthunzi ikutuluka pakhosi pa jasi, pang'onopang'ono, pamene pamayenera kukhala mutu wa munthu. Nyumba yonse mango okhaokha.

Ine ndinapita kukoleji. Ndimadziwa kuti chipangizo cha batire chikasokonekera chimatha kuyaka chokha. Koma chimene chinatuluka pakamwa panga chinali, "Wafika?"

Chinasanduka chizolowezi. Kankapuma nthawi imene kafuna, makamaka ndikakhala chete nthawi yaitali. Batire litatha ndinakatchaja. Timadzi take titatha ndinakagula tina, ta mango tomweto (ine sindisuta, ngakhale utsi wa mbaula umanditsokomoletsa). Pokabweza ndinkalowetsa zala ziwiri zokha m'thumba, ngati mwambo sungaone.

Ndiyeno kunabwera a Kamwendo, mkulu wa mpingo wathu, kudzandizonda. Tili pakati pa tiyi, psssss. Kapu yawo inaima m'malere.

"Achimwene, muno muli ndi ndani?"

"Ndili ndekha, bambo."

"Nanga akupumawo?"

Atatembenuka n'kuona jasi likufuka pakhosi, anayamba pemphero akubwerera chafutambuyo mpaka anagunda firiji. "Izi n'za abusa izi. Mlamu wathu sanagone!"

Ndinatulutsa kavepu kaja kuti mtima wawo ukhale pansi. Anakayang'ana, anayang'ana jasi, kenako ine.

"Thoko? Wakwaya uja?"

"Ayi, n'kanga," ndinatero. "Ndimangosungamo."

"Hoo. Ndiye mwayamba fodya." Anapukusa mutu. "Ngati n'kakufa, kabwezeni kumene munagula. Mudzaotcha mdadada wonse, ndi ana a eni ake omwe. Apo ayi, Lamulungu ndikubwera ndi abusa, inu mudzawafotokozere chimene chikupuma m'jasi la malemu."

Apa m'pamene ukoleji unandigwira. Ndinafuna kuwaonetsa kuti si za mizimu. Ndinawerenga za ufulu wa ogula, ndipo ndinapeza kuti kuno katundu akawonongeka miyezi isanu ndi umodzi isanathe, wogulitsa ayenera kumukonza kapena kupereka wina, pokhapokha atasonyeza kuti wawononga ndiwe. Ndinaloweza zonsezo ngati vesi. Chimodzi chokha sindinadzifunse: akapereka kena, kakale kamapita kuti?

Kusitolo ndinapeza mtsikana wa ndolo pamphuno. Ndinayala lisiti ndi pepala la waranti pakauntala.

"Wagula ndani?" anafunsa.

"Mkazi wanga."

"Sakanabwera yekha?"

"Watanganidwa," ndinayankha.

Anadina batani, kakuyaka bwinobwino. Anasiya, kakuzima bwinobwino. Anakagwedeza, anakaika pakauntala, tonse n'kumakayang'ana. Zii.

"Palibe vuto apa, bwanawe. Mwina mkazi wako amakakhalira m'thumba."

Ndinatsanulira malamulo onse ndinaloweza aja, m'Chingelezi cha m'kalasi. Kumbuyo kwanga mzere unali utakula, ndipo bambo wina wa yunifolomu ya kumalo okonzera sitima zapamadzi anati, "Mzanga, ena tili ndi ntchito." Mtsikana uja anati popanda kuona vutolo ndi maso ake sangachite kanthu.

Ndinawerama pakauntala, pamaso pa anthu onsewo, n'kunong'ona m'Chichewa: "Thoko, usandichititse manyazi."

Psssss.

Kanapuma kotalika kuposa kale lonse, popanda wokakhudza. Nthunzi inakwera mowongoka, n'kuima pang'ono pakati pa ine ndi mtsikanayo, pa msinkhu wa Thoko. Bambo wa yunifolomu uja anachita mtanda n'kutuluka osagula kanthu.

Mtsikanayo sanachedwe. Anakanyamula ndi nsanza, anakaponya m'ndowa ya mchenga imene inali pansi pa kauntala, n'kukwirira. Phokoso la mchengawo ndinalidziwa. Ndinali nditalimvapo posachedwa, kumanda.

"Wapambana," anatero, akundipatsa bokosi latsopano. "Ndi ufulu wako."

"Ndasintha maganizo. Ndibwezereni kakale kaja."

"Sizingatheke. Kaja kangaphulike, kakubwerera kufakitale."

"Ndikulipirani."

"Bwanawe, walimbana nane nthawi yonseyi kuti ndikupatse katsopano. Katenge. Ukamuuze mkazi wako kuti pepani."

"Ndikamuuza," ndinatero.

Nditafika kunyumba ndinakatchaja, ndinathiramo timadzi ta mango, n'kukalowetsa m'thumba la jasi ndi zala ziwiri. Ndinakhala kukhitchini chete, mmene ndinkachitira. Kabwinobwino kameneka. Sikalakwitsa ngakhale kamodzi.

Lamulungu a Kamwendo anabweradi, okha. Anamvetsera pachitseko, ananunkhiza, n'kunena kuti, "Mwaona? Pemphero." Mpaka pano amandipempherera za fodya, ndipo ine ndimayankha ameni.

Phunziro lake mwina n'lakuti si ufulu uliwonse umene munthu ayenera kuuthamangira. Mwina. Koma mtsikana uja, pondiperekeza ndi maso, anati mavepu a mtundu umenewu ena amabwera nawo ndi vuto lomwelo, ndiye ndisataye lisiti. Lisitilo ndinataya tsiku lomwelo. Kavepu ndimakatchajabe, ndipo mdima ukamagwa ndimazimitsa wailesi n'kutchera khutu.