Ndinachotsa delete pa chinkhoswe cha ku Nathenje

Mpaka lero ndikamadutsa pa Nathenje ndimatsitsira chipewa kumaso. Anthu a kumeneko saiwala msanga, ndipo ena amandipatsabe moni wakuti, "A zithunzi, mwadzuka bwanji?"

Ndinali nditaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta miyezi itatu yokha kwa a Mwale, mphunzitsi wopuma pa ntchito wa pa Mitundu. Miyezi itatuyo inandikwanira kuyamba kuyenda ndi laputopu ngakhale pokagula tomato. Ndiye Tiyamike, chibwenzi changa cha mseri, atandiuza kuti mkulu wake akuchita chinkhoswe ku Nathenje, ndinadziguguda pachifuwa kuti ndidzaonetsa zithunzi za mkulu wakeyo ndi bwenzi lake pa kanema wamkulu, pulogalamu yake yolemba ndekha. (Kunena zoona analemba ndi a Mwale, ine ndinkangovomera.)

Tiyamike anandichenjeza chinthu chimodzi: "Amalume asadziwe za ife. Anati ndiyambe ndamaliza sukulu ya unamwino. Akangomva, ine ndi iwe zathera pomwepo."

Pondipatsa pulogalamuyo, a Mwale analoza mizere iwiri. "Taona apa. Chithunzi chikamabwera, mawu awa akuti new amachipezera malo m'kompyuta. Chikamachoka, awa akuti delete amabweza malowo kuti china chikhalepo. Zili ngati mbale pa ukwati. Anthu akadya umachotsa, apo ayi tebulo lidzaza."

Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinakana. Ine ndi delete tinali pa udani kuyambira tsiku lomwe ndinafufuta nyimbo zonse za kwaya m'foni ya amayi. Mawu oterowo akhale pafupi ndi zithunzi za eni ake? Nditafika kunyumba ndinawachotsa paliponse pomwe analembedwa. Ndinayesa ndi zithunzi zisanu, zinayenda bwinobwino, mpaka ndinawamvera chisoni a Mwale kuti akukalamba.

Kenaka chibwana chinandilowa. Pakati pa zithunzi za eni chinkhoswe ndinalowetsapo changa ndi Tiyamike, tikudyetsana tchipisi pa chiwaya cha pa Mitundu. Ndinachitchera kuti chizingothwanima n'kuchoka, aone yekha mwini wake, adzidzimuke, ine ndiseke.

Tsikulo zinayamba bwino. Zithunzi zinkazungulira, anthu akuwomba m'manja, ine ndikunyada pambali pa DJ. Chathu chinadutsa kangapo, palibe anachiona kupatula Tiyamike, yemwe anandiyang'ana ndi diso loti tionana. Patapita nthawi zithunzi zinayamba kuchedwa kusintha. Laputopu inatentha, n'kuyamba kulira. Tebulo la a Mwale lija linali litadzaza.

Zithunzi zinalipo zambirimbiri, koma kompyuta inasankha kuumira pa chathu. Apo ndili ine, kukamwa yasa, Tiyamike akundiponyera tchipisi, pa kanema wamkulu ngati chitseko.

Ndinadina mabatani onse, osatheka. Ndinathamangira kukazula chingwe cha magetsi, DJ n'kundigwira dzanja. "Aise, chingwe chimenecho ndi cha nyimbonso. Mkwatibwi akulowa." Zoti ndingozimitsa kanema yekhayo zinandibwerera m'mutu mawa lake.

Mkwatibwi analowa akuvina, koma maso onse anali kwa ife. Azakhali ena anayamba nthungululu. Tiyamike anabisa nkhope m'chitenje, ndipo apo ndinachita mantha enieni, chifukwa mtsikanayo ndinkamukonda.

Amalume ake anadzuka pang'onopang'ono, n'kuvala magalasi, n'kupita kukaima patsogolo pa kanema. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine.

"Achimwene, amene akudyetsedwayo ndi inu?"

"Ndi ine, bambo."

"Kwanu amalume alipo?"

"Alipo, ku Mitundu."

"Muwauze Loweruka ndili pakhomo. Abwere okha, makina anuwa muwasiye."

Tiyamike anakhala milungu itatu osayankha foni yanga. A Mwale atamva anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anandilembetsanso delete aliyense ndi dzanja langa. Amalume awiriwo anakumana, n'kugamula kuti ndidikire mpaka sukulu ya unamwino ithe, ndipo pa nthawi yonseyo ndisaonekere ku Nathenje popanda chifukwa. Ndinadikira zaka ziwiri.

Pa chinkhoswe chathu ndinapempha mwaulemu kuti ndionetseko zithunzi, poti tsopano delete ndimamudziwa ntchito yake. Amalume a Tiyamike anayankha kuti zithunzi zanga anaziona kale, zinawakwana.