Inde wa Msungamalire

Kuseri kwa mapiri amene apaulendo sawatchula kudali dziko lotchedwa Mwinithupi. Dzinali lidachokera ku lamulo lake lakale, lakuti mpeni wa sing'anga usakhudze khungu la munthu mwiniwake asanavomere. Makolo a kumeneko sankakhutira ndi inde wapakamwa chabe. Adali ndi mwambo wobweza mawu. Sing'anga akafotokoza matenda, chimene akufuna kuchita ndi zoopsa zake, wodwala ankabweza zonsezo m'mawu akeake, monga mayi waulemu sabweza mbale ya mnzake ili yopanda kanthu. Koma itakhala pampando Mfumu Phuma, idaona kuti mizere ya odwala ikutalika, ndipo idathetsa mwambowo. Idalamula kuti munthu azingodinda chala padongo laliwisi. Dongo likauma, nkhani yatha.

M'dzikomo mudali a Nkhokwe, msungamalire wa ufumu. Malire a minda, madambo ndi manda sadalembedwe paliponse. Adali m'mutu mwa bambo ameneyu, amene adawalandira pakamwa pa amalume awo. Akazi awo, mayi Natcheru, ndiwo adayamba kuona kuti m'nkhokwe mwalowa nankafumbwe. Mwamuna amene kwa zaka makumi anayi sadavomerepo ngakhale kuti kukubwera mvula asanatuluke kukaona yekha mitambo, tsopano dzuwa likapendeka ankangomwetulira n'kuvomera chilichonse. Sing'anga Luso, wa manja amene dziko lonse linkawatama, adapeza kuti mu ubongo mwamera chotupa, pafupi ndi pamene pamachokera mawu. Madzulo ena adawafotokozera a Nkhokwe mwaliwiro, m'chinenero cha asing'anga, diso lili pa mzere wa odwala pakhomo. A Nkhokwe adamwetulira, adati inde, nadinda chala. Mpeni udaikidwira mkuja mmawa.

Mayi Natcheru adakudziwa kumwetulirako: n'komwe amuna awo adamwetulira dzana mbuzi ikudya chipewa chawo. Mawa lake masana adawagwira mkono napita nawo kubwalo la mfumu, atasenza dongo laliwisi m'lichero.

Mfumu itamva dandaulo lawo idati, “Mayi, dongo lauma kale. Kodi chala si chawo? Kodi alipo adawakoka mkono? Ife tidapanga lamuloli kuti odwala asafere pamzere, ndipo inu mukufuna kutibwezera m'mbuyo.”

“Mfumu yanga, mwini nthaka ndi mitengo yake,” adayankha mayi Natcheru atagwada, “chala n'chawo, sindikana. Chimene ndikukayika ndi mwini wa inde. Ndiloleni ndiwafunse pamaso panu.” Adatembenukira kwa amuna awo. “Abambo, mukuvomera kuti a Luso atsegule mutu wanu?” A Nkhokwe adati inde, nadinda. “Nanga mukukana kuti autsegule?” Adatinso inde, nadinda pambali pake. “Nanga mukulola kuti ine ndikusiyeni, ndikakwatiwe ndi amfumuwa?” Adati inde, akumwetulira kuposa poyamba. Bwalo lonse lidafa nacho chiseko, ndipo mfumu idakweza dzanja msanga niti, “Dongo limenelo lisaume, mayi! Ndili nawo kale ondisautsa kunyumbaku.”

Chiseko chitazirala, mfumu idakwinya nkhope. “Chabwino, mwatiwonetsa kuti munthuyu wabwerera ku ubwana. Dindani ndinu m'malo mwake, mpeni ugwire ntchito mawa.”

“Mutu si wanga, Mfumu yanga,” adatero mayi Natcheru. “Chotupa chawalanda masana, koma mmawa sichinawalande. Akadzuka n'kumwa mankhwala ophwetsa amene a Luso adatipatsa, amanditsutsa ngati kale, mpaka kundiuza kuti sindidziwa kusesa. Tsiku limene mmawa nawonso udzawathawe ndidzadinda ine, ndipo ndidzadinda zimene iwo adandiuza, osati za kumtima kwanga. Koma lero mwini alipo. Mwangomufunsa pa nthawi imene wachokapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.” Sing'anga Luso, amene sadali munthu woipa, adaweramitsa mutu navomera kuti adafunsa madzulo chifukwa ndi pamene mzere udamulola. Mfumu idapereka mmawa umodzi wokha, niti idzabwera yokha kudzaona nkhani ikutha.

Kutacha, pa ola lomwe mpeni ukadagwira ntchito, Luso adakhala pamkeka maondo ndi maondo ndi wodwala wake. Adatenga chipanda ngati fanizo la mutu nalozapo pamene pali chotupa. Adalankhula mawu ochepa, napuma, nalankhulanso. Atamaliza, mayi Natcheru adati, “Abambo, mbale ya mnzanu musabweze yopanda kanthu.”

A Nkhokwe sadamwetulire. Adalankhula pang'onopang'ono, ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala. “Mwati m'mutu mwangamu muli chotupa chonga dzira la nkhanga. Mukachisiya, sindidzaona zokolola za chaka chamawa. Mukachichotsa ndikhoza kukhala ndi moyo, koma lilime langa likhoza kutsalira pa mpeni wanu. Ndamva. Walira mvula walira matope, ndavomera, tsegulani. Koma adasankha tsiku la lero ndani? Malire onse a dziko lino ali pa lilime limeneli, ndipo sindinawatulire munthu. Alipo ndi a munda wachifumu, umene alamu a mfumu, a Dyera, akhala akuuloza ndi ndodo chaka ndi chaka. A Luso, masiku asanu ndi awiri angandiphe?”

“Sabata imodzi siononga, bambo,” adayankha sing'angayo. “Mwezi ndiye ungaononge.”

“Ndipatseni sabatayo, nditule katundu kwa mayiwa.”

Mfumu Phuma idayang'ana dongo louma lija, limene lidali m'manja mwa nduna, ndipo kwa nthawi yoyamba chikhalire pampando idalamula kuti mpeni udikire. Masiku asanu ndi awiri otsatirawo, mmawa uliwonse a Nkhokwe ankatchula mitengo, zulu ndi mifuleni, mayi Natcheru n'kumabweza mawu mpaka akhale. Eni minda ankandanda pakhomo kudikira kuti aliyense amve malire ake, ndipo tsiku lomaliza pamzerepo padali mfumu, itakhala pansi ngati wina aliyense, chifukwa mmawa wa wodwala sufulumizidwa ndi ng'oma yachifumu.

A Nkhokwe adaitchulira malire a munda wake, kuyambira pa mkuyu wong'ambika mpaka pa mwala wa njuchi, kenaka adafunsa, “Mfumu yanga, mwamva?”

“Inde,” idatero mfumu mwachangu, itatambasula kale chala kufuna dongo. Koma m'lichero mudalibe dongo.

“Bwezani mawu,” adatero a Nkhokwe.

Mfumu idatchula mkuyu, idatchula chulu, ndipo pa chizindikiro chachitatu idasokonezeka. Mayi Natcheru adaisendezera mkeka kuti ikhale bwino, natembenukira kwa amuna awo.

“Abambo, ayambireninso pa mkuyu. Pang'onopang'ono, dzuwa silinakwere.”