Kebulo ya Magiya ndi Mwendo Wanga Wamanzere

Lolemba

Esinala, mwana wanga, waimba foni. Akubwera Lamulungu kudzanditenga kuti ndizikakhala naye ku Lilongwe. Akuti munthu wodwala sitiroko sakhala yekha. Ndamuuza kuti chinafa ndi mwendo wamanzere basi, mutu ukadali wamoyo. Tapangana chonchi: akandipeza ndikutha kudzipititsa ndekha kuchipatala, andisiya m'nyumba mwanga muno ku Chirimba. Wavomera akuseka. Kusekako kukundipweteka kuposa mwendo.

Ndiye ndavundukula galimoto. Pa zaka ndi yaikulu kwa Esinala, ndinaigula kwa abwana anga a ku Limbe nditasiya kuwayendetsera malole. Kale madalaivala anzanga ankandinyoza kuti otomatiki ndi ya alesi. Lero ndi yokhayo yosafunsa za mwendo wamanzere, poti ilibe kilachi.

Injini ikulira bwino. Vuto ndi magiya:
pa R, ili duu;
pa D, ikungobuula osasuntha;
pa N, pamene iyenera kukhala chete, ikubwerera m'mbuyo. Papaya wanga wapita.

Kebulo yochoka pa ndodo ya magiya kukafika ku giyabokosi yakhwefuka. Ntchito yochepa iyi.

Lachiwiri

Ntchitoyi imafuna anthu awiri, wina pansi ndi sipanala, wina m'kati atagwira ndodo pa P. Kale amene ankakhala m'katimo anali mayi ake a Esinala, akusenda mtedza, osakhudza kalikonse. Ndawasowa lero. Ndaitana a Mussa a nyumba yotsatirayi, amene anakalambira pa malole ngati ine.

Kulowa pansi pa galimoto ndi mwendo umodzi: ndimagona pa saka, a Mussa n'kundikankha ngati thumba la makala. Ndapeza kalabala ka kumapeto kwa kebulo katafumbutuka. Ndamasula nati, ndakankhira kachitsulo ka pa giyabokosi mpaka kumapeto, ndamanganso. A Mussa andikoka ndi thalauzi.

Tsopano pa D ikupita m'mbuyo. Kani nthawi yonse ndili pansi, a Mussa anali atasunthira ndodo pa N. "Achimwene, galimoto yoima imakhala pa nyutulo, dzanja lachita lokha." Ndaluma mlomo. Munthu amene amakukoka ndi thalauzi sumutukwana.

Lachitatu

Ku Limbe, kukafuna kalabala. Kondakitala wa minibasi: "Madala, lowetsani mwendo winawo titseke chitseko." Ngati ndikuusiya panja dala.

Pa sitolo ya zipangizo za galimoto pali mdzukulu wa mwini sitoloyo, ine ndimadziwana ndi agogo akewo. Wayang'ana zofumbutukazo m'dzanja langa nati, "Ankolo, izi zinatha bambo anga asanakwatire." Sitolo yachiwiri andiuza kuti ndigulitse galimotoyo kwa opanga mbaula a ku Ndirande. Yachitatu sindinaifike, mwendo wakana.

Ndakhala pakhonde la sitolo kuti ndipume, chipewa ndaika pambali. Mayi wina wodutsa waponyamo ndalama. Ndinafuna kumuthamangira ndimubwezere, koma ndi miyendo iti? Ndamva manyazi osaneneka.

Kumsika, bambo wosoka nsapato wandidulira zidutswa ziwiri za tayala, waziboola pakati. Akuti zimenezi sizifa, zidzandiika m'manda. Amayesa akundisangalatsa.

Lachinayi

Chiperoni. Michiru sakuoneka n'komwe. Pansi panyowa, sindingagonepo.

Ndakhala m'nyumba ndikusema kalabala ndi mpeni. Zotsatira zake:
koyamba kachepa, kakulowa n'kutuluka kokha;
chala chachikulu ndadzicheka;
kachiwiri kakuoneka ngati kakwana, sindikukakhudzanso.

A Mussa abwera ndi nzeru. Akuti tingomata mapepala pa zilembozo, pamene pali D tilembe R, nkhani ithe. Ndawafunsa kuti nanga giya yopitira kutsogolo tiilemba pati, poti siikupezeka. Akuti kuchipatala si kutali, ndipo iwo anabwezapo lole m'mbuyo mtunda wautali kuposa pamenepo. Choopsa n'chakuti ndinayamba kuiganizira nkhaniyi.

Esinala pa foni: "Mukutani, ababa?" Ndati ndikupuma. "Muyambe kusankha zovala." Sindisankha kanthu.

Lachisanu

Dzuwa latuluka. A Mussa akuti ndidikire abwere kaye ku mzikiti. Sindikudikira munthu. Ndodo ndaimangirira pa P ndi chingwe, chingwe chilibe nzeru zakezake. Miyala kumatayala. Ndadzikokera pansi ndi zigongono.

Kalabala kalowa. Nati ndamanga. Ndikudziwa m'manja mwanga kuti ulendo uno zatheka.

Kutuluka ndiye kwakanika. Mwendo wagona pamenepo ngati wa mwini wake. Ndaitana, palibe woyankha. Ndati ndipume pang'ono ndiyesenso, ndipo tulo tandiba.

Ndadzidzimuka ndi kulira. A Nachisale a kuseriku aona miyendo ili tasa pansi pa galimoto, aitana kawiri, kenako akuwa kuti ndafa. Pamene ndikuzindikira kuti malirowo ndi anga, azimayi adzaza kale pabwalo, masamba aikidwa kale pamsewu, ndipo mkulu wa mpingo akufunsa kuti mabenchi akatengedwe kuti. Azibambo andikoka miyendo mwaulemu. Ndatuluka ndi sipanala m'manja, ndati, "Mwaswera bwanji nonse?" A Nachisale athawa kusiya silipasi.

Anthu aseka mpaka kugwira m'mimba. Inenso ndaseka, mpaka pamene wina wanena kuti Esinala anamuimbira kale. Amuimbiranso kuti ndili moyo, koma anali atakwera kale basi.

Loweruka

M'mamawa ndayesa. P ndi P. R ikubwerera m'mbuyo. N ili chete. Pa D yanyamuka bwinobwino mpaka pageti, ndikuyendetsa ndine, ndekha! Palibe amene waona.

Ndikutsika, Esinala waima pamenepo ndi chikwama. Anagona kwa mnzake ku Nyambadwe, akuti mtima unali usanatsike woti n'kundiona. Maso atupa. Ndayamba kumukumbutsa pangano lathu, ndamuuza kuti akwere ndimuzungulitse aone yekha. Sanatsutse. Wagwada pafumbi pomwepo atagwira mwendo wanga wakufawu.

"Ababa, ndalira maliro anu kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Dedza. Ulendo umenewu sindingauyendenso kachiwiri."

 Ndalowa m'nyumba, ndatsitsa sutikesi.

Lamulungu

Makiyi a nyumba ndasiyira a Mussa. Sanandiyang'ane kumaso, amangopukuta galasi la galimoto lomwe linali loyera kale. A Nachisale abweretsa chinangwa chophika cha panjira, apepesanso.

Timati tikwera basi, koma katundu wachuluka. Esinala wati, "Nanga si galimoto ilipo? Ine otomatiki ndi imene ndimaitha." Ndakhala kumanzere, kumene sindinakhaleko chiigulireni.

Ndikulemba izi pa Zalewa, iye watsika kukagula madzi. Njira yonseyi ndakhala ndikumvetsera, mwina giya ingaphonye penapake, tibwerere. Palibe. Ikulowa mofewa ngati yatsopano, zitunda ikukwera osadandaula. Esinala akuti sanayendetsepo galimoto yomvera chonchi.

Ndinaikonza bwino kwambiri. Tikafika dzuwa lisanalowe.