Timabokosi ta Tamandani

Lolemba
Akulemba ndi mayi a Tamandani, ine ndikungonena, poti sukulu ndinalekeza Sitandade 3. Ndawauza alembe zanga zokha, asaikemo zawo.

Mwana wathu Tamandani ndiye amapanga timabokosi todzaza mawu a Chingerezi mu nyuzipepala ya Loweruka. Dzina lake lili m'munsi, m'zilembo za makina! Ndapita nayo ku bawo, kuseri kwa msika wa Kawale. A Mbewe, amene mwana wawo amamata matayala, angoisuzumira n'kuti, "Izi zilibe mayankho, achimwene. Amangotsekera malo nkhani zikawathera."

Ndalumbira anthu akumva: Lamulungu, pamene Tamandani akubwera kudzationa, kabokosi kalikonse kakhala ndi chilembo chake.

Zofunika:
anthu odziwa Chingerezi
pensulo
chofufutira
a Mbewe asadwale tsikulo.

Lachiwiri
Kwa a Kachingwe, ahedi opuma, amene anaphunzitsa theka la Kawale, Tamandani yemwe. Ndikuwafotokozera monga anandifotokozera mwana: funso lililonse limanena tanthauzo mbali imodzi, mbali inayo limabisa zilembo kapena kuzisakaniza. Ahedi akuti, "Ndinayamba Chingerezi inu mukusoka fodya ku esiteti."

Ndawapatsa pensulo. Akhumudwa. Akuti pensulo ndi ya ana a Sitandade 1, munthu wamkulu safufuta. Atulutsa cholembera cha inki, alemba mawu anayi opingasa, mwamphamvu mpaka kuonekera kuseri.

Chigamulo chawo: funso loyamba n'lophweka, lachiwiri n'lamwano, lachitatu lilibe galamala. Mwana wanga kuvutitsa ahedi! Ndabwerera ndikuimba mluzu.

Lachitatu
Mawu otsika ndapatsa a Likongwe, kalaliki wakale wa m'boma. Akhala nawo mpaka tiyi wazizira. Kenako akundinong'oneza kuti yankho alipeza, koma likuyenera kudutsa pa mawu a ahedi, ndipo zilembo sizikugwirizana. Olakwa ndi ahedi.

Ndati, fufutani. Akuti, "Ine? Ndikhwatche za munthu amene anandiphunzitsa kugwira cholembera? Mukufuna ndizidutsa njira iti popita kutchalitchi?"

Ndiye asiya yankho lawo, afunafuna mawu ena ogwirizana ndi zilembo za ahedi, ngakhale sakugwirizana ndi funso. Nawonso ndi inki, poti kulemba ndi pensulo pambali pa inki n'kudzichepetsa wekha.

Lachinayi
Nyuzipepala yayenda: kwa akatekisi, kwa anesi opuma, kwa telala amene anakhalako ku Halale. Aliyense inki. Aliyense akulambalala za mnzake mwaulemu. Akatekisi mawu awo atalika, ndiye apanikiza zilembo ziwiri m'kabokosi kamodzi, ngati anayi pampando mu minibasi ya ku Area 23.

Ku bawo agawa mafunso motere:
ophweka, limodzi lija
ovuta, ambiri
ofunika kupita nawo kwa sing'anga, otsalawo.

A Mbewe akuti, "Kale ntchito inali kumanga nyumba. Lero ndi kujambula mawindo." Ndakhala nawo pa bawo. Ndawadyera nkhomo zawo zonse.

Lachisanu
Pepala ladontheredwa mafuta a zitumbuwa. Telala walemba ndi choko m'kabokosi kakuda, akuti malo asawonongeke. Koma timabokosi tadzaza tonse! Ndaonetsa ku bawo. A Mbewe akuti adikira mwiniwake achonge.

Mayi a Tamandani akuti mawa mayankho atuluka mu nyuzipepala yatsopano, bwanji sitinangodikira. Izi ndi zawo, koma alemba kale.

Loweruka
Yatsopanoyo ndakagula ndekha m'tauni, poti anzanga a ku bawo sagula nyuzipepala, amawerenga zokulungira nsomba. Mayankho alimodi, m'kabokosi kakang'ono pakona. Mayi afananitsa chilembo ndi chilembo, chala apa, chala apo.

Lolondola ndi limodzi. Lija ahedi anati n'lophweka, nalonso ayi. Lolondolalo ndi la anesi, ndipo akatekisi analembapo pamwamba.

Tsono onani. Pepala ili likutseka pakamwa a Mbewe, mayankho alipo. Koma ndikangolionetsa, ahedi ndawavula pamsika, ndi a Likongwe, ndi akatekisi amene adzandiike m'manda. Ndalibisa kunsi kwa matiresi. Mawa onse ndawaitana kale. Nkhuku yaphedwa kale. Tamandani sadziwa kunama, anatengera ine.

Lamulungu
Abwera onse, a Mbewe moyambirira. Tamandani watsika minibasi ndi buledi ndi shuga. Ndamupatsa pepala lathu lodzaza lija. Waliyang'ana nthawi yaitali. Wafika pa choko paja, wakhosomola.

Kenako wafunsa kuti mawu opingasawa walemba ndani. Ahedi akweza cholembera. Mwana wagwada ngati ali Sitandade 5, n'kuti, "Zikomo aphunzitsi, mwandilemekeza." Ahedi amulangiza akonze galamala pa funso lachitatu. Iye, "Ndamva, aphunzitsi."

A Mbewe afunsa kuti ndiye zatheka? Ahedi awayankha okha: "Mukukayika inki yanga?" A Mbewe angotenga mwendo wa nkhuku.

Ndamuperekeza mwana kusiteji. Titangokhota pa chigayo, waseka mpaka kugwira mpanda wa eni. Akuti, "Bambo, chonde, za m'nyuzipepala ya sabata ino musapite nazo ku bawo." Ndavomera. Ahedi afunsa kale kuti zifika liti.

Pepala lodzaza lija ndalimata pakhoma pabalaza, pambali pa chithunzi cha ukwati wathu. Ndakwera pampando pomata, kuti likhale pamwamba, pamene munthu angaone dzina la mwana wanga koma osawerenga zinazo.